Nkhondo ya ku Ulaya inasenzetsa katundu amuna a ku Msoro

Mwezi uno wa Novembala akuluakulu aikanso maluwa pa zipilala pokumbukira Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse, imene kuno inathera ku Mbala pa 25 Novembala 1918. Ku Msoro, m'mbali mwa mtsinje wa Lupande, okalamba amaidziwa ngati nthawi ya tengatenga.

Britain inalowa nkhondoyi pa 4 Ogasiti 1914, Ajeremani atathyola malire a Belgium. Mawu atangotuluka ku London, maiko onse a pansi pake analowa nawo osafunsidwa, kuphatikizapo Northern Rhodesia, imene inali itangopangidwa mu 1911. Kumpoto tinkachita malire ndi German East Africa, ndipo pofika Seputembala mfuti zinali kulira ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala, ndi ku Karonga.

Agogo ena amene tinawapeza akutong'ola chimanga pakhonde sanafune kungofotokoza ndi pakamwa. Anapota kansalu n'kupanga nkhata, anaiika pamutu pawo pa imvi, n'kudzuka pang'onopang'ono, khosi lili gwa, maso kutsogolo. Anayenda mpaka pankhokwe n'kubwerera, zidzukulu zili chete. Umo ndi mmene agogo awo ankawasonyezera kayendedwe ka mtengatenga: mapazi opanda nsapato, thumba la ufa kapena bokosi la zipolopolo pamutu, kapitawo ali pambuyo. Ng'ombe zikanafa ndi kashembe, misewu ya galimoto kunalibe, ndiye katundu anagwera anthu. Anati agogo awowo anabwerako ndi chifuwa chimene sichinawasiye, ndipo munda anaupeza utamera tchire.

Koma mkangano wa chimene chinalowetsa Britain m'nkhondoyi unabuka madzulo pamsika, pakati pa aphunzitsi awiri, wina wopuma, wina wachinyamata. Wamkuluyo anaumirira kuti Angerezi ankasunga mawu awo, popeza mu 1839 anasaina pangano loteteza Belgium. Mnzakeyo anakana kwamtuwagalu. Anati chimene chinkasowetsa tulo London ndi zombo zankhondo zimene Germany inkapanga, ndiponso mantha oti madoko oyang'anana ndi England agwera m'manja mwa mdani. Anakumbutsanso kuti Britain inali itagwirizana kale ndi France mu 1904 ndi Russia mu 1907.

Onse awiri ali ndi mfundo, pakuti nkhani ya Belgium ndiyo inakopa nduna za ku Britain zimene zinkakayika. Komabe ine ndikupendekera kwa wachinyamatayo. Pangano la ku Berlin la 1885 linkalola kuti madera a pakati pa Africa asalowe nkhondo za azungu, koma limenelo silinagwiritsidwe ntchito, ndipo amene analipira ndi anthu osadziwa n'komwe kuti Belgium ili kuti.

Mkanganowo unadulidwa ndi njinga yamoto imene inafika itasenza matumba a fetereza. Mvula yayandikira, ndipo aliyense akuthamangira kuti katundu wake awoloke Lupande asanadzaze.