Kandodo Kowala Popanda Moto

Ana anga a ku Migowi, ndi inu nonse owerenga tsamba lino, konzani zala zanu tiwerenge. Dzuwa likalowa, phiri la Michesi likada bii, ndi zinthu zingati zimene zimatiunikira pakhomo? Pindani chala chimodzichimodzi. Nyali ya koloboyi. Makandulo. Moto wa pambaula. Tochi. Babu la magetsi. Foni ya amayi. Zala za dzanja limodzi zatha kale, eti? Tsopano taganizani bwino. Nyali ya koloboyi imafuna palafini. Makandulo amafuna machesi. Tochi imafuna mabatire kapena dzuwa. Chilichonse chili ndi chakudya chake.

Nanga chilipo chinthu chowala chosafuna machesi, batire kapena waya? Ee, chilipo, ndipo mumachidziwa! Mvula ikagwa, udzu ukamera m'dambo, usiku mumaona timoto ting'onoting'ono tikuuluka. Kano kayaka, kano kazima. Ndi ziphaniphani zimenezo. Kodi munachigwirapo chiphaniphani m'manja? Sichiotcha ngakhale pang'ono. Kuwala kwake ndi kozizira. Azakhali anu ndakula, koma mpaka lero ndikachiona ndimaima kaye n'kumangochiyang'ana.

Kodi chiphaniphani chimasunga kuti nyali yake? Chimasunga kunsi kwa mimba, chakumapeto kwenikweni. M'menemo muli timankhwala timene thupi lake limapanga lokha. Timankhwala timeneti tikakumana ndi mpweya, kuwala kumatuluka. Nanga chimawaliranji? Chimakhala chikuitana chinzake. Chachimuna chimauluka chikuthwanima. Chachikazi chimayankha chili pa udzu. Pa dziko lonse lapansi pali mitundu ya ziphaniphani yoposa 2,000, ndipo mitundu yambiri ili ndi kathwanimidwe kakekake. Tsiku lina madzulo pemphani achimwene kapena achemwali akuluakulu akuperekezeni kumapeto kwa munda. Sankhani chiphaniphani chimodzi. Chikathwanima, yambani kuwerenga: 1, 2, 3. Chithwanimanso mutafika pa nambala iti?

Kodi anthu angathe kupanga kuwala kozizira kotere? Anayesa kwa nthawi yaitali, ndipo anakwanitsa. Anapanga kandodo kowala, kamene m'masitolo amakatchula kuti glow stick. Ndi kandodo ka pulasitiki kotseka mbali zonse. Kodziwika kwambiri ndi kotalika masentimita 15. Tengani rula yanu ya kusukulu muyeze pa tebulo, muone kutalika kwake. Mwina munakaonapo pa TV, anthu akukagwedeza m'mwamba pa zoimbaimba. Mwina mudzakaona m'sitolo ku Limbe. Mwinanso amalume adzabwera nako kuchokera ku Joni. Tsiku limenelo ndikufuna mudzakhale mukukadziwa kale.

Muli chiyani m'kati mwake? Apa ndiye pali chinsinsi chokoma. M'kandodomo muli madzi amankhwala a mitundu iwiri. Oyamba ali m'pulasitiki momwemo, osakanizidwa ndi utoto. Achiwiri anatsekeredwa m'kabotolo kagalasi kopyapyala, kamene kamayandama m'kati mwa madzi oyamba aja. Madzi awiriwa amakhala moyandikana kwa miyezi yambiri, koma osakhudzana. Galasi lija ndi limene limawalekanitsa.

Ndiye kamayaka bwanji? Mumakagwira ndi manja awiri. Mumakapinda pang'ono pakati. Mumamva kuti thyo! Musachite mantha, ndi kabotolo kagalasi kaja kamene kasweka m'kati. Kenako mumakakhutchumula. Madzi awiri aja amasakanikirana, ndipo kuwala kumayambira pamene mwapinda paja, n'kumafalikira mpaka kumapeto konse. Tatsinzinani muyerekeze. M'nyumba muli mdima wa ndiweyani. Mwadzidzidzi m'manja mwanu mwatuluka kuwala kobiriwira, kukuonetsa mizere ya m'zikhatho zanu ndi mano a mng'ono wanu amene akuseka. Palibe utsi. Palibe fungo la palafini. Mukagunditsa kandodoko pa tsaya, sikaotcha.

Anatulukira zimenezi ndani? Ndi wasayansi wina wa ku America, dzina lake Edwin Chandross. Iye ankagwira ntchito pa malo ofufuzira zinthu otchedwa Bell Labs, m'dera la New Jersey. Ankakonda kusakaniza mankhwala kuti aone amene angatulutse kuwala. Mu 1963 analemba zimene anapeza. Chimenecho chinali chaka chimodzi dziko lathu lisanalandire ufulu mu 1964. Pambuyo pake Michael Rauhut ndi anzake a ku kampani ya American Cyanamid anakonza mankhwala aja kuti aziwala kwambiri komanso nthawi yaitali. Tindodo tawo anatipatsa dzina loti Cyalume. Nayi samu yanu: chotsani 1963 pa chaka chino. Papita zaka zingati? Kodi agogo anu anali atabadwa?

Kodi mungakazimitse kuti mudzayatsenso mawa? Ayi, ana anga, ndipo apa pamafunika kumvetsetsa. Chiphaniphani chimayatsa ndi kuzimitsa mmene chafunira. Kandodo sikangathe. Kakangoti thyo, kayamba ulendo wosabwerera. Kamawala, n'kumachepa mphamvu pang'onopang'ono, mpaka kuzimiratu. Kamayaka kamodzi kokha basi. N'chifukwa chake simungakayese m'sitolo musanagule, mmene abambo amayesera tochi. Muyenera kukadziwa ndi maso okha, kasanayake.

Tiyambire pati posankha? Tiyambire pa chovala chake. Kandodo kabwino kamabwera m'pepala lonyezimira lomata bwino, kalikonse m'pepala lakelake. Pepala limeneli si lokongoletsa chabe. Mankhwala a m'kati muja amadana ndi zinthu ziwiri, kuwala kwa dzuwa ndi chinyezi. Chinyezi chimatha kulowa pang'onopang'ono kudutsa m'pulasitiki, ngakhale maso athu saona poboola. Inu mukudziwa mmene kuno kumakhalira chinyezi nthawi ya dzinja, pamene zovala zimakana kuuma pachingwe. Pepala lonyezimira limatchinga zonsezi. Choncho litembenuzeni uku ndi uku. Pitani ndi chala m'mbali mwake monse. Lang'ambika? Labooka? Lamatuka pakona? Ngati ndi choncho, bwezani mwaulemu musankhe lina. Kandodo kosungidwa m'pepala labwino kamatha kudikira zaka zingapo. Kopanda pepala kamafooka msanga.

Nanga manambala olembedwa papepalapo akunena chiyani? Akunena zinthu ziwiri zofunika kwambiri. Nambala yoyamba ndi tsiku limene kandodoko kadzathe mphamvu. Mumaona amayi akuyang'ana tsiku pa paketi ya mkaka kapena pa botolo la mankhwala, si choncho? Apanso chitani chimodzimodzi. Kandodo kopitirira tsiku lake kamangoti pang'ono waliwali, kenako zii. Nambala yachiwiri ndi maola amene kadzawale. Tindodo tambiri ta masentimita 15 timalembedwa maola 8 kapena 12. Tiwerengere limodzi. Mwayatsa 6 koloko madzulo, nkhuku zikulowa m'khola. Ka maola 8 kadzatha nthawi yanji? Kadzatha 2 koloko usiku, inu muli m'tulo tofa nato. Nanga ka maola 12? Kameneko kadzakufikitsani 6 koloko m'mawa, tambala atalira kale. Palinso tina towala kwambiri koma kwa mphindi 30 zokha. Choncho werengani kaye. Pepala lopanda tsiku, lopanda maola, lopanda dzina la opanga, ine sindilikhulupirira.

Bwanji ngati akugulitsa kopanda pepala? Pamenepo kwezani kandodoko m'mwamba, kumene kukuchokera kuwala, musuzumire m'kati. Kabotolo kagalasi kaja kazioneka kathunthu. Mukakapendeketsa pang'onopang'ono, kabotoloko kamatsetsereka. Mukaona tizidutswa tagalasi, dziwani kuti kanasweka panjira, ndipo kuwala kwake kunathera m'katoni. Khudzaninso kumapeto kwake. Pakhale pouma. Pakanyowa kapena kuterera, ndiye kuti kakudontha. Pulasitiki yake ikhale yokhuthala bwino, yopanda ming'alu. Muonenso pamene wogulitsa waika. Tindodo toyanikidwa pa dzuwa la mu Okutobala tsiku lonse timakhala titatopa tisanayambe ntchito.

Kodi mtundu uli ndi kanthu? Ndikudziwa kuti wina akufuna wofiira, wina wabuluu chifukwa cha timu yake ya mpira. Koma amene akufuna kuwala kwambiri asankhe wobiriwira kapena wachikasu. Mitundu iwiriyi ndi imene imaoneka ngwee, ndipo imachedwa kuzilala. Maso athu amaona bwino kwambiri kuwala kwa mtundu umenewu. Wofiira ndi wabuluu ndi yokongola ndithu, koma imaoneka yofooka msanga. Mukadzapita kudambo kuja, mudzayang'anitsitse mtundu wa kuwala kwa chiphaniphani. Mudzandiuze ngati ukufanana ndi umene ndakusankhiraniwu.

Nanga tija topyapyala tovala pamkono? Timeneto ndi ta masewera ndi maphwando. Tili ndi mankhwala ochepa, ndiye timatha msanga, ndiponso sitichedwa kudontha.

Kodi kandodo kowala ndi choseweretsa basi? Ayi. Pali anthu amene amakadalira pa ntchito zoopsa. Osambira pansi pa nyanja amakamangirira pamsana kuti anzawo aziwaona, chifukwa madzi sakazimitsa. Asilikali amaika tindodo potsatana kuti tisonyeze njira usiku. Opulumutsa anthu pangozi amatikonda chifukwa sititulutsa moto. Ngakhale pamalo pamene patayika petulo, sitingayambitse ngozi ina. Asodzi a pa nyanja zikuluzikulu zamchere amatimangirira pafupi ndi mbedza, kuti akope nsomba yaikulu ya mlomo wautali wosongoka yotchedwa swordfish. Nzeru imeneyi asodzi athu a pa nyanja ya Malawi amaidziwa bwino. Iwo amayatsa nyali usiku, usipa n'kumasonkhana pafupi ndi bwato.

Kwathu kuno kangatithandize liti? Ambiri mwa inu mukukumbukira mwezi wa Marichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anafika ku Phalombe. Mvula inagwa masiku otsatizana. Magetsi anazima. Usiku wotere machesi amanyowa, mphepo imazimitsa makandulo, foni imatha moto. Kandodo kowala sikaopa mvula kapena mphepo. Mwana atakavala m'khosi pa chingwe, amayi ake angathe kumuona ali patali mu mdima. Chifukwa cha ichi ndimafuna kuti mukhale odziwa kusankha kabwino. Kandodo kosungira tsiku lovuta kayenera kudzayaka pa tsiku limenelo. Kasungeni m'pepala lake, pamalo ozizira ndi ouma, pamene sikangapindike.

Kodi mungawerengere nako mabuku? Apa azakhali anu ndinene chilungamo. Kuwala kwake ndi kokwanira kuona pamene mukuponda, kapena kupeza nsapato pansi pa bedi. Koma pa homuweki, nyali ya sola ndiyo yabwino. Imawala kwambiri, ndipo mawa lake mumangoiika padzuwa n'kuigwiritsanso ntchito. Ngati ndalama ndi yokwana chinthu chimodzi chokha, uzani abambo agule nyali ya sola.

Mukufuna kuyesa kanthu kodabwitsa? Mukadzapeza tindodo tiwiri tofanana, chitani izi pamodzi ndi munthu wamkulu. Tengani makapu awiri. M'kapu ina thirani madzi ozizira a mumtsuko. M'kapu inayo thirani madzi ofunda, osati owira, koma amene chala chingapirire. Pindani tindodo tonse nthawi imodzi. Ikani kamodzi uku, kena uko. Dikirani pang'ono mu mdima. Mukuganiza kuti kawale kwambiri ndi kati? Ndi ka m'madzi ofunda! Kutentha kumafulumizitsa mankhwala aja. Koma musakaombere m'manja msanga, chifukwa ndi komwekonso kamene kadzayambe kuzima. Ka m'madzi ozizira kamawala modekha, n'kukhalitsa. Zili ngati ana awiri amene apatsidwa mtedza wofanana m'manja. Wina akuponya mkamwa wambirimbiri, wina akudya kamodzikamodzi. Uyambe kutha ndi wa yani?

Kodi pali zimene simuyenera kuchita? Zilipo, ndipo izi ndikunena ndi mtima wanga wonse. Musakalume. Musakadule ndi lezala kapena mpeni kuti muone za m'kati. Mumo muli tizidutswa tagalasi takuthwa, ndipo madzi ake amathethetsa m'maso ndi mkamwa. Musakapinde mobwerezabwereza, chifukwa pulasitiki ingang'aluke. Musapatse mwana wakhanda, paja iye chilichonse amaika mkamwa. Madzi aja akakudontherani pakhungu, sambani ndi sopo. Akalowa m'maso, tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa nthawi yaitali, ndipo uzani munthu wamkulu nthawi yomweyo. Maso akapitiriza kupweteka, pitani kuchipatala.

Nanga kakazima tikataye kuti? Musakaponye pamoto, utsi wa pulasitiki ndi woipa. Musakaponyenso mumtsinje kapena m'ngalande. Kodi mukudziwa kumene madzi a mtsinje wa Phalombe amathera? Amakathira m'nyanja ya Chilwa. Nyanja imeneyi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, choncho pulasitiki ikalowamo imakhala momwemo, pamodzi ndi matemba amene timadyera nsima. Kandodo kotha ntchito kapatseni amayi kapena abambo. Iwo akataye m'dzenje la zinyalala kali kathunthu, n'kukwirira bwino, kuti mbuzi ndi ana okwawa asakapeze.