Mbatata yofiira imathandiza maso, koma ng'ala ndi ya kuchipatala

Alimi a ku Milange, ngati kukachita chisisira simukuonanso bwino njira yochokera kumunda, mwina thupi likusowa vitamini A. Vitamini ameneyu ali m'minda mwathu momwemu: mbatata yofiira mkati, maungu, mango, mapapaya, bonongwe ndi nkhwani. Masambawo muziwatendera ndi nsinjiro kapena kuthirako mafuta pang'ono, chifukwa vitamini A amalowa bwino m'thupi pakakhala mafuta.

Ng'ala imadza ndi ukalamba, koma fodya, utsi wa nkhuni, dzuwa loswa mtengo ndi matenda a shuga zimaifulumizitsa. Polima valani chipewa.

Agogo akayamba kuona ngati kuli chifunga, chakudya sichingawachize, ndipo kudontheza zitsamba m'diso kungaliwononge. Ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni yosatenga nthawi. Aperekezeni kuchipatala akawapime.