MAPHUNZIRO A UTOLANKHANI

Kale m'midzi ya m'Malaŵi nkhani zinkayenda ndi miyendo. Mfumu ikafuna kudziŵitsa anthu ake za maliro, za mlandu kapena za ntchito yolambula mseu, inkatuma mthenga kuti akameme mudzi wonse. Mthenga wotere ankasankhidwa mosamala, pakuti munthu woiŵala mau kapena wowonjezera zake akanatha kudanitsa abale. Masiku ano ntchito ya mthengayo ili m'manja mwa atolankhani. Mau awo amafika kwa anthu zikwizikwi pa nthaŵi imodzi kudzera m'nyuzipepala, pa wailesi, pa wailesi yakanema ndi pa intaneti. Nchifukwa chake ntchito imeneyi ili ndi maphunziro akeake m'sukulu za ukachenjede.

Utolankhani si wachilendo m'dziko muno. Nyuzipepala ya Daily Times inachokera ku ina yotchedwa Central African Planter, imene inayamba mu 1895. Malawi News inayamba mu 1959, ndipo wailesi ya MBC inakhazikitsidwa mu 1964. M'zaka zimenezo atolankhani ambiri ankaphunzira ntchito ali pa ntchito pomwepo, poonera akuluakulu awo. Koma kuyambira mu 1993, chaka chimene Amalaŵi anasankha ulamuliro wa zipani zambiri, nyuzipepala zinachuluka, ndipo pambuyo pake nyumba za wailesi nazo zinachuluka. Motero panafunika anyamata ndi atsikana ambiri oidziŵa bwino ntchitoyi.

Imodzi mwa sukulu zimene zakhala zikuphunzitsa atolankhani ndi ya Polytechnic ku Chichiri mumzinda wa Blantyre. Sukuluyi inali nthambi ya Yunivesite ya Malaŵi kufikira mu 2021, pamene inaima payokha nitenga dzina lakuti Malawi University of Business and Applied Sciences, mwachidule MUBAS. Wofuna kuloŵa kumeneko ayenera kukhoza bwino mayeso a Fomu 4, ndipo maphunziro a digiri amatenga zaka zinai. Mumzinda womwewo mulinso sukulu ya Malawi Institute of Journalism, imene ili ndi wailesi yakeyake.

Phunziro loyamba la mtolankhani ndilo kufunsa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Mwachitsanzo, mlatho ukakokoloka ndi madzi, wophunzira amaphunzitsidwa kupita kukaona yekha ndi kupeza mayankho a mafunso asanu ndi limodzi: Chachitika nchiyani? Chachitikira ndani? Chachitikira kuti? Chachitika liti? Chachitika bwanji? Nanga chifukwa chake nchiyani? Akamva kuti anthu atatu amira, salemba msanga ai. Amayamba wafunsa apolisi, a kuchipatala ndi nyakwaŵa ya mudziwo, pakuti kulengeza imfa ya munthu wamoyo nkuliritsa banja maliro opanda mtembo.

Phunziro lachiŵiri ndilo kasanjidwe ka nkhani. Wosimba nthano amasunga mfundo yaikulu mpaka kumapeto kuti omvera asagone. Mtolankhani amachita zosiyana: mfundo yofunika koposa amaiika m'chiganizo choyambirira, ndipo zina zimatsatira monga mwa kulemera kwake. Amatero kuti munthu wofulumira, amene waŵerenga ndime imodzi yokha, adziŵe ndithu kuti mseu waduka. Ndiponso mkonzi akasoŵa malo pa tsamba, amadula nkhaniyo kumunsi popanda kuononga mutu wake.

Phunziro lachitatu ndilo chilungamo. Pa bwalo la milandu mfumu siŵeruza isanamve mbali zonse ziŵiri. Chomwechonso mtolankhani, akamva kuti munthu wina waba ndalama za chitukuko, ayenera kumpatsa munthuyo mpata woyankhapo nkhani isanatuluke. Malamulo aakulu a dziko la Malaŵi amapereka ufulu wofalitsa nkhani, ndipo kuyambira mu 2020 lamulo lopatsa anthu mwaŵi wopeza nkhani m'maofesi a boma likugwira ntchito. Komabe ufulu umenewu suloleza bodza. Woipitsa mbiri ya mnzake popanda umboni angathe kutengeredwa ku khoti. Tsono ophunzira amaphunzira malamulo pamodzi ndi mwambo wa ntchito yawo, umene umaletsa kulandira chiphuphu kuti alembe kapena kubisa nkhani.

Kuwonjezera pa izi, ophunzira amazoloŵera kujambula zithunzi, kulankhula momveka pa wailesi ndi kukonza masamba pa kompyuta. Asanatsirize maphunziro amatumizidwa ku nyumba zofalitsa nkhani kuti akayesere ntchito pamaso pa akonzi.

Pali luso lina la pa chibale ndi utolankhani limene anthu ambiri salizindikira, ndilo kulemba malangizo a kagwiritsidwe ntchito ka zinthu. Pa paketi ya mankhwala oteteza chimanga kwa anankafumbwe pamakhala mau ofotokoza muyeso wake. Mau amenewo analembedwa ndi munthu. Wolembayo akangoti "thirani pang'ono," mlimi wina adzachepetsa ndipo chimanga chake chidzafumbwa, pamene wina adzachulukitsa nadwalitsa ana ake. Motero wolemba wophunzira bwino amatchula muyeso weniweni wa pa thumba lolemera makilogalamu 50, amasanja zochita chimodzichimodzi mwa dongosolo lake, ndipo chenjezo amaliika poonekera. Akatha, amapatsa munthu wosadziŵa mankhwalawo kuti aŵerenge. Munthuyo akasokonezeka, wolemba amabwerera kukakonza mau ake.

Mtolankhani ndi wolemba malangizo onse amagwirira ntchito munthu amene samuona, amenenso sangathe kubweza funso pamene sanamvetse. Mwana amene afuna kudzagwira ntchito zimenezi angathe kuyamba kukonzekera akali ku pulaimale, poŵerenga mabuku ambiri, polemba Chicheŵa ndi Chingerezi mosamala, ndi pozoloŵera kusimba zinthu monga momwe zachitikira.

MAFUNSO

1. Chifukwa chiyani mthenga wa mfumu ankasankhidwa mosamala?
2. Kodi nyuzipepala ya Daily Times inachokera ku nyuzipepala iti?
3. Tchulani mafunso asanu ndi limodzi amene mtolankhani amafunsa.
4. Kodi kasanjidwe ka nkhani ya m'nyuzipepala kamasiyana bwanji ndi ka nthano?
5. Fotokozani tanthauzo la mwambi wakuti "Safunsa anadya phula."

ZOCHITA

Lembani nkhani ya ndime ziŵiri yonena za chinthu chimene chachitika pa sukulu panu sabata ino. Mfundo yofunika koposa ikhale m'chiganizo choyambirira.