Kalata ya recall sifika ku Garden

Benz ndi BMW sizilinso zachilendo m'komboni ya Garden mu Lusaka. Mukayenda mumsewu wa Katima Mulilo, pakati pa mageti ndi mafelemu a mawindo amene owotcherera zitsulo ayala m'mbali, mupeza ML yaimikidwa pamthunzi, kapena 3 Series yakale boneti ili m'mwamba, makanika atalowetsa mutu mpaka m'mapewa. Ambiri mwa magalimoto amenewa sanagulidwe atsopano mu Zambia. Anayenda kaye ku Japan, ku Britain kapena ku South Africa, anasintha manja kawiri katatu, kenako anatsika padoko la Dar es Salaam kapena Durban n'kulowera pa Nakonde kapena pa Chirundu. Mwini wake ali ndi mapepala onse: a msonkho wa ZRA, white book, fitness, inshuwaransi. Koma mwa onsewo mulibe limene likunena ngati kampani yopanga inaitanitsapo galimotoyo kuti ikakonzedwe chifukwa cha vuto loika moyo pachiswe, ndipo wapolisi wa pa roadblock sadzafunsa zimenezo.

Kuitanitsa kumeneku, kumene ogulitsa ndi amakanika amangoti recall, kumachitika kampani ikavomera kuti inalakwitsa pokonza pulani ya galimoto, kapena kuti inaika chipangizo chosalongosoka m'magalimoto ambiri a mtundu umodzi. Matayala kutha ndi mashoko kufa chifukwa cha maenje a m'komboni n'za mwini wake. Vuto la recall limachokera ku fakitale, ndipo wolipira kukonzako ndi kampani. Chofunika kumvetsa n'chakuti recall imalembedwa pa nambala ya chassis. Kaya galimoto ili ku Nagoya kaya ili kuseri kwa bala ku Chilulu, ngati nambala yake ili pamndandanda, vuto lili nayo.

Nthawi zambiri recall imayamba ndi madandaulo a eni magalimoto. Ku America kuli bungwe la boma la NHTSA limene limalandira madandaulo otere n'kuwaika poyera, ndipo akachuluka pa chinthu chimodzi limatsegula kafukufuku. Ku Britain ntchitoyi ndi ya DVSA, ku Japan ndi ya unduna woona za mtengatenga. Kwathu kuno kummwera, nkhani yodziwika ndi ya Ford Kuga ku South Africa. Injini zinkagwira moto pamsewu, lero uku mawa uko. Eni ake anajambula zithunzi, anapezana pa Facebook, anakadandaula ku National Consumer Commission. Mu Januwale 2017 Ford inaitanitsa ma Kuga 4,556 a injini ya 1.6, itavomera kuti injini inkatentha mopyola, mutu wake n'kung'aluka, oilo n'kudonthera pamalo otentha. Mu 2019 kampaniyo inavomera kulipira chindapusa cha R35 miliyoni. Kuga si galimoto ya mabwana, koma kayendedwe ka nkhani n'kamodzimodzi. Munthu mmodzi akanena kuti yake yapsa amauzidwa kuti sankaisamala. Akafika makumi angapo, aliyense ndi pepala lake, kampani imasowa pothawira.

Kampani ikalengeza recall imatumiza makalata, ndipo maadiresi imawatenga ku kaundula wa magalimoto wa dziko limene inagulitsako. Pamenepa ndi pamene ife timatayikira. Galimoto ikakwera sitima ku Yokohama kapena ku Southampton imafufutidwa m'kaundula wa kumeneko, ndipo kalata imathera kwa munthu amene anaigulitsa kalekale, kapena sipita kulikonse. Kampani sidziwa kuti galimoto yake tsopano imagona pa car park ya mu Garden, mlonda akuiyang'anira usiku.

Nkhani imene mwini galimoto yakale aliyense ayenera kuidziwa ndi ya ma airbag a kampani ya ku Japan yotchedwa Takata. Pakati pa chiwongolero, kuseri kwa chizindikiro cha kampani, pali thumba lopindidwa bwinobwino. Kuseri kwa thumbalo kuli kachitini kachitsulo kokwana pachikhatho, ndipo mkati mwake muli mankhwala amene amayaka m'kuphethira kwa diso galimoto ikagunda, n'kutulutsa mpweya wofufumitsa thumba. Takata inasankha kuikamo ammonium nitrate, mankhwala omwe aja a feteleza ndi ophulitsira miyala kumigodi, amene fakitale ya Nitrogen Chemicals of Zambia ku Kafue inadziwika nawo. Zaka zikamapita, chinyezi ndi kusinthasintha kwa kutentha ndi kuzizira zimawononga mankhwalawo. Tsiku la ngozi amayaka mwaukali kuposa mmene chitini chingapirire, chitinicho chimaphulika, zidutswa zachitsulo n'kuulukira kumaso ndi pakhosi pa munthu amene airbag inayenera kumuteteza. Anthu afa pa ngozi zazing'ono zimene akanatulukamo ndi miyendo yawo.

Honda inayamba kuitanitsa magalimoto pa vutoli mu 2008. Pofika pamene Takata inagwa mu Juni 2017, nkhaniyi inali itakhudza Toyota, Lexus, Nissan, Mazda, Subaru, BMW, Mercedes-Benz ndi ena ambiri. Zitini zoitanitsidwa padziko lonse zinapitirira 100 miliyoni, ndipo anthu oposa 30 anataya miyoyo. Mu Meyi 2023 BMW inauza eni magalimoto pafupifupi 90,000 ku America, a mitundu ya 3 Series, 5 Series ndi X5 a zaka za pakati pa 2000 ndi 2006, kuti asiyiretu kuwayendetsa mpaka atakonzedwa. Taganizirani kuti ndi ma BMW a zaka ziti amene ali otsika mtengo m'mayadi a mu Lusaka. Taganiziraninso galimoto imene imakhala padzuwa la Okutobala tsiku lonse mawindo ali otseka, kenako n'kulowa m'miyezi ya mvula. Choopsa kwambiri n'chakuti nyali ya airbag pa dashibodi siyaka pa vuto limeneli, ndipo makina a kompyuta amene makanika amalumikiza pansi pa chiwongolero sanena kanthu. Mawaya onse ali bwino. Chawonongeka ndi ufa umene uli m'chitini chomata.

Boma la Japan linaona kuti makalata okha sakukwanira. Kuyambira mu Meyi 2018 linalamula kuti magalimoto okhala ndi ma airbag oopsa kwambiri asamapambane mayeso a boma kufikira atasinthidwa. Lamulo labwino ndithu, koma limateteza okhala ku Japan. Galimoto imene inachoka isanakonzedwe inabwera ndi chitini chake.

Si airbag yokha. Mu Juni 2022 Mercedes-Benz inaitanitsa magalimoto pafupifupi miliyoni imodzi padziko lonse a mitundu ya ML, GL ndi R-Class opangidwa pakati pa 2004 ndi 2015, chifukwa chinyezi chinkadyetsa dzimbiri chipangizo chowonjezera mphamvu ya mabuleki, moti nthawi zina mabuleki akanatha kukana. Mu 2018 BMW inaitanitsa magalimoto a dizilo pafupifupi 1.6 miliyoni chifukwa cha chipangizo choziziritsa utsi chimene chinkadontha n'kuyambitsa moto, ma BMW angapo atapsa m'misewu ya ku South Korea.

Wina anganene kuti galimoto yake inayezedwa isanabwere. N'zoona. Bungwe la Zambia Compulsory Standards Agency limafuna kuti magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito ochokera kumaiko monga Japan, Britain ndi South Africa ayezedwe asanatumizidwe, ndipo wobweretsa galimoto yopanda chiphaso chimenechi amalipira chindapusa. Ikafika, RTSA, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la pamsewu la 2002, imaiyeza kuti ipereke fitness. Mayeso onsewa amaona mmene galimoto ilili tsiku limenelo: mabuleki akugwira, nyali zikuyaka, matayala ali ndi mano, utsi suli wakuda. Woyeza wa RTSA ku Mimosa saphwasula chiwongolero. Ine ndimaona kuti pamenepa pali mwayi umene ukungotayika, popeza RTSA ili ndi nambala ya chassis ya galimoto iliyonse yolembetsedwa m'dziko muno, ndipo makampani ali ndi mindandanda ya manambala oopsa. Kuphatikiza ziwirizo si ntchito yofuna msewu watsopano kapena mlatho. Koma podikira zimenezo, kufufuza kwatsalira mwini galimoto.

Yambani ndi nambala. Magalimoto a ku Ulaya ali ndi nambala ya zilembo ndi manambala 17, yomwe kawirikawiri imaoneka pansi pa galasi lakutsogolo mukaima panja, komanso pa kapepala komata pamphuthu ya chitseko. Magalimoto a makampani a ku Japan opangira msika wa kwawo amakhala ndi nambala yaifupi: zilembo za mtundu wa galimoto, kamzere, kenako manambala, pa kachitsulo kokhomedwa m'chipinda cha injini kapena pamphuthu ya chitseko. Pukutani fumbi ndi chala, jambulani ndi foni, muyerekeze ndi imene yalembedwa mu white book. Zikasiyana ngakhale chilembo chimodzi, muli ndi nkhani ina yaikulu yokakonza ku RTSA musanaganize za recall.

Kenako fufuzani kumene galimotoyo inagulitsidwa koyamba. Ngati ndi ya ku Japan, makampani monga Toyota, Lexus, Nissan ndi Honda ali ndi masamba pa intaneti amene mumalembapo nambala ya chassis n'kukuuzani ngati pali ntchito yosagwirika. Masambawo ali m'Chijapanizi, koma foni imamasulira mokwanira kuti mumve. Ngati ndi ya ku Britain, tsamba la boma la gov.uk limafufuza ndi nambala yakale ya kumeneko, imene imapezeka pa mapepala obwera ndi galimoto. Chenjerani ndi tsamba la NHTSA. Ambiri amathamangira kumeneko chifukwa ndi limene limabwera msanga pa Google, koma limadziwa magalimoto ogulitsidwa ku America okha. Likakuuzani kuti palibe kanthu pa Benz yochokera ku Osaka, silinakuuzeni kuti Benz yanu ili bwino.

Mukapeza kuti pali recall, kapena simukumvetsa zimene mwaona, pitani kwa woimira kampaniyo m'dziko muno. Nyamulani white book ndi chithunzi cha zimene tsamba laonetsa. Mungauzidwe kuti galimotoyo sinadzere mwa iwo, kapena kuti recall imeneyo ndi ya msika wina. Musakangane ndi wa pa kauntala. Pemphani mwaulemu kuti yankholo alilembe, kenako lemberani kampani yeniyeniyo, mutchule nambala ya chassis, nambala ya recall ndi kumene galimoto ili tsopano. Palibe kampani imene imafuna kuti kalata yoichenjeza za airbag yake idzapezeke m'faelo munthu atavulala kale.

Amakanika athu a m'komboni ndi aluso, ena amaukitsa injini imene garaja yaikulu inaitaya. Koma recall sangaitseke. Chipangizo chatsopano chimachokera ku kampani, ndipo ntchito ikatha iyenera kulembedwa m'kaundula wa kampaniyo. Ndipo mawu aja akuti "bosi, tizapeza ina ku scrap" ndi oyenera kuwakana pa airbag. Yochotsedwa m'galimoto ina yakale ikhoza kukhala ndi chitini chomwecho cha Takata, mwinanso chokalamba kuposa chanu. Palinso chizolowezi china choipa pa magalimoto amene anachitapo ngozi, chomata chivundikiro cha chiwongolero mkati mulibe kanthu, nyali ya pa dashibodi n'kuizimitsa. Mukatembenuza kiyi, nyali ya airbag iyenera kuyaka kwa kanthawi kenako n'kuzima. Ikapanda kuyaka n'komwe, funsani chifukwa.

Tsono dandaulo lenileni limapita kuti? Ngati munagula pa yadi kapena kwa wamalonda wa m'Zambia, khomo ndi la Competition and Consumer Protection Commission, CCPC, yokhazikitsidwa ndi lamulo nambala 24 la 2010. Ofesi yake yaikulu ili mumsewu wa Parliament ku Olympia, ulendo waufupi kuchokera ku Garden. Lamulolo limaletsa wamalonda kugulitsa katundu wowonongeka kapena wosakwanira ntchito imene wagulidwira, limaletsanso kupachika zikwangwani zokana kubweza ndalama, ndipo kampani yopezeka yolakwa ingalipitsidwe chindapusa chofika pa 10 peresenti ya malonda ake a pachaka. Kudandaula n'kwaulere. Yambani mwalembera wogulitsayo, musunge kope. Akakana kapena akangokhala chete, tengani lisiti, pangano la malonda, mauthenga a pa WhatsApp, zithunzi ndi lipoti la makanika. Lembani zimene zinachitika mosakometsera: tsiku, malo, liwiro, chimene galimoto inachita. CCPC imafufuza, imamva mbali zonse ziwiri, kenako imagamula, ndipo wosakhutira angachite apilo ku Competition and Consumer Protection Tribunal.

Mphamvu za CCPC zili ndi malire ake. Ngati munaitanitsa nokha pa intaneti kwa wogulitsa wa ku Japan, dzanja lake silifika kumeneko mosavuta. Ngati munagula kwa mnzanu wa kutchalitchi, ndalama n'kupatsana m'galimoto popanda pepala, nkhani yanu ndi ya kukhoti, ndipo umboni udzakuvutani. Ngakhale zili choncho, vuto la mabuleki, moto kapena airbag lidziwitseni CCPC ndi RTSA mwa kalata. Eni ma Kuga aja anamveka chifukwa madandaulo awo anaunjikana pamalo amodzi. Kuno timadandaulira pa garaja ndi pamaliro, pamene palibe amene akulemba.

Chipangizo chingatenge milungu kuti chifike. Podikira, werengani bwino zimene recall ikunena. Ngati airbag yokhudzidwa ndi ya mbali ya wokwera, mpando wakutsogolo ukhale wopanda munthu, ana ndi amayi awo akhale kumbuyo. Ngati kampani yanena kuti galimoto isayendetsedwe, iimikeni, mukwere minibasi kapena Yango, ngakhale anzanu a pa car park aziti motoka yakukanikani. Ikakonzedwa, tengani pepala losonyeza ntchito imene yagwirika, mulisunge pamodzi ndi white book kuti amene adzagule pambuyo panu adzalipeze.