Ndere m'damu latsopano la nsomba: zothandiza ndi zowononga

Alimi ambiri a m'mbali mwa nyanja ku Salima amadandaula akaona madzi a m'damu latsopano akusanduka obiriwira patangopita sabata imodzi kapena ziwiri chithirireni manyowa. Ena amakhetsa madzi onse n'kuyambiranso. Kumeneko n'kutaya chakudya cha nsomba. Kubiriwirako kumabwera ndi tindere ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ndipo makumba ndi chambo zimadya timeneti. Damu la madzi oyera mbee ngati a ku Senga Bay ndi damu la njala.

Chofunika ndi kudziwa mlingo wake. Pisani mkono m'madzi mpaka pa chigongono, kuya kwa masentimita pafupifupi 30, dzuwa litakwera. Ngati chikhatho chikuoneka bwinobwino, onjezani manyowa m'kakhola ka pa ngodya ya damu. Ngati chikuoneka mwa apo ndi apo, zili bwino. Koma ngati chazimirira mkono usanalowe ndi theka lomwe, ndere zachuluka: lekani kuthira manyowa ndipo chepetsani madeya mpaka madzi atapepukako.

Kuopsa kwa ndere zochuluka kumaonekera usiku. Masana zimatulutsa mpweya umene nsomba zimapuma, koma dzuwa likalowa nazonso zimayamba kuupuma womwewo. Pofika mbandakucha mpweya umakhala utatsala pang'ono. Kuno kunyanja vutoli limakula mu Okutobala ndi Novembala, chifukwa madzi ofunda sasunga mpweya wambiri. Limakulanso kukachita mitambo masiku awiri kapena atatu motsatizana. N'chifukwa chake damu liyenera kuyenderedwa dzuwa lisanatuluke, osati masana pamene zonse zimaoneka ngati zili bwino. Mukapeza nsomba zili pamwamba zikuyasamula pakamwa, lowetsani madzi atsopano nthawi yomweyo, kapena tungani madzi ndi ndowa n'kumawakhuthula kuchokera m'mwamba. Tsiku limenelo musazipatse chakudya.

Pali mtundu wina wa ndere zokhala ngati ulusi kapena thonje lobiriwira. Izi zimakonda damu latsopano chifukwa madzi amakhala oyera, ndiye dzuwa limafika mpaka pansi pomwe zimamera. Zimalanda chonde chimene chikanadyetsa tindere tothandiza tija, ndipo ana a nsomba amakodwamo. Zivuuleni ndi manja kapena ndi nsungwi, mukaziponye pa mulu wa kompositi kutali ndi khoma la damu. Kenako onetsetsani kuti mbali yosaya ya damu ili ndi madzi osachepera masentimita 50. Madzi akabiriwira bwino amatchinga dzuwa ndipo ulusiwo umachepa wokha. Kusakaniza chilunguni ndi makumba kumathandizanso, popeza chilunguni chimadya zomera za m'madzi.

Zoopsa kwambiri ndi ndere zoyandama pamwamba ngati penti, zimene mphepo imakankhira ku mbali imodzi ndipo nthawi zina zimanunkha. Zina mwa izi zili ndi poizoni, choncho ziweto zisamwe pamenepo. Ziwoleni ndi thumba kapena nsalu, lekani manyowa, ndipo tulutsaniko madzi ena n'kulowetsa atsopano. Fufuzaninso kumene chonde chikuchokera. Kawirikawiri ndi madzi a mvula otsuka feteleza m'dimba kapena ndowe za m'khola lapafupi. Ngalande yozungulira damu imatha kuthetsa zimenezi.

Mankhwala ophera udzu musawayandikitse ku damu. Amatha kupha nsomba, ndipo ndere zikafa zonse nthawi imodzi zimaola n'kumaliza mpweya wotsalawo.

Kwa amene mwangomaliza kukumba, thirani madzi ndi manyowa kaye, dikirani mpaka madzi abiriwire, ndiye mukatenge mbewu ya nsomba. Ngati ndere zikubwerabe mutachita zonsezi, tungani madzi a m'damumo m'botolo loonekera mkati mukawaonetse mlangizi wa za usodzi wa m'dera lanu kapena ku ofesi ya za usodzi ya boma la Salima.