Mchenga wotseka doko la Chipoka ungathe kubwezeretsa gombe

Ku Salima mchenga ukuvuta paliponse, koma mosiyana. Pa doko la Chipoka, pomwe njanji imakumana ndi nyanja, mchenga ndi matope zakhala zikudzaza njira ya sitima mpaka zombo zikuluzikulu kulephera kukocheza bwino. Kumpoto kwake, ku Senga Bay, eni malo ogona alendo ndi asodzi akudandaula kuti gombe likutha.

Kawirikawiri timaona ngati gombe ndi lokhazikika, chikhalirecho limayenda. Mwera ukayamba kuomba cha mu Meyi, mafunde amafika pamtunda chopendekera, n'kukankhira mchenga chammbali. Pobwerera, madzi amatsika molunjika. Funde lotsatira limatola mchenga womwewo n'kuusunthanso pang'ono. Zikachitika usana ndi usiku kwa miyezi ingapo, mchenga umasamuka mtunda wautali, ndipo mpoto ukabwera umabweza wina. Mitsinje monga Linthipe, womwe umatenga madzi a ku Dedza ndi ku Lilongwe, imathira watsopano. Pamene pali khoma la doko kapena njira yakuya, mafunde amafooka, n'kutula katundu wawo pomwepo. Magombe a kutsogolo amangodikira mchenga umene sufika.

Kukwera kwa nyanja kunawonjezera bala. Mu 2024 madzi anapitirira mamita 476 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, kuyandikira mamita 477 omwe anafika mu 1980. Mafunde anayamba kumenya pamene kale pankaima mathandala oyanikira usipa, n'kumafukula pansi pa mipanda ndi mizu ya mitengo.

Akatswiri ali ndi njira yothetsera mavuto awiriwa, kudzaza kwa doko ndi kutha kwa gombe, ndi ntchito imodzi. Makina oyandama otchedwa dredger amatakasa pansi pa madzi ndi mpeni wozungulira, kenako pampu imayamwa mchenga pamodzi ndi madzi ngati phala lamadzimadzi, n'kuutumiza m'mapaipi mpaka kumtunda. Madzi amatsetserekera m'nyanja, mchenga umatsala, mathirakitala n'kuusalaza. Makinawa si achilendo kwathu kuno: kampani ya EGENCO imachotsa nawo matope m'madamu ake a pa Shire. Dziko la Netherlands mu 2011 linathira ma cubic metre 21.5 miliyoni a mchenga pamalo amodzi otchedwa Zandmotor, n'kusiyira mafunde ndi mphepo ntchito youmwaza m'gombe.

Koma si chilichonse chotuluka pansi pa doko chomwe chingathiridwe pagombe, ndipo apa mpofunika kusamala kwambiri. Mchenga woyenera ndi wofanana kukula kwa timiyala take ndi wa pagombepo, kapena wokulirapo pang'ono. Wosalala kwambiri mwera umodzi wokha umaukokolola. Matope ndiye oopsa. Amadetsa madzi, kuwala kwa dzuwa sikufika pansi, ndipo akakhazikika amakwirira ndere za pamiyala zomwe mbuna zimadya. Zilumba za Maleri, zomwe ndi gawo la Lake Malawi National Park, zili pafupi ndi Senga Bay, ndipo zimalandira kale madzi ofiira a Linthipe nthawi ya dzinja. Chambo nacho chimakumba zisa zake pamchenga wa m'madzi osaya, choncho kukumba nthawi yoswana n'kuwononga ndiwo za mawa. Dothi la padoko likhozanso kukhala ndi mafuta otayika m'zombo. Liyenera kuyezedwa, ndipo bungwe loteteza chilengedwe la MEPA lione lipoti la chilengedwe ntchito isanayambe.

Tisadzinamize kuti kuthira kamodzi kukwanira. Mafunde adzapitiriza ntchito yawo, doko lidzadzazanso, gombe lidzafunanso mchenga patapita zaka zochepa. Ndalama zake ziyenera kukhala mu bajeti ya doko chaka ndi chaka.

Chondiwawa ine n'chakuti mchenga womwe tikukamba zoubweza ndi makina odula, ena akuutapa ndi mafosholo m'gombe lomwelo n'kupakira m'malole opita kukamanga nyumba. Bango lomwe linkaswa mphamvu ya mafunde linadulidwa kuti alendo aziona nyanja bwino. Bungwe la National Water Resources Authority limaletsa kumanga pansi pa mulingo wa mamita 477, koma nyumba zambiri zomwe zinamira mu 2024 zinali m'munsi mwa mzere umenewo. Khonsolo ya Salima ndi mafumu a m'mbali mwa nyanja angathe kuimitsa malole a mchengawa chaka chino chomwe, dredger isanafike n'komwe pa Chipoka.