Kasawala ndi Mwana wa Chambo: Zomwe Ndinaphunzira m'Bango la ku Chintheche

Mawu Oyamba

Mu Disembala 2024, sukulu itatsekera, ndinapita ku Chintheche m'boma la Nkhata Bay kukagwira ntchito yongodzipereka kwa masabata asanu. Ine kwathu ndi ku Dedza, kumapiri, ndipo kufikira nthawi imeneyo chambo ndinkangochidziwira m'mbale. Mnzanga wina wa m'kalasi, yemwe kwawo ndi kunyanja komweko, ndiye anandiuza kuti komiti ya m'mudzi mwawo yoteteza nsomba inkafuna munthu wothandiza kulemba. Ndinavomera, koma ndinalinso ndi cholinga changachanga: ndinkafuna kutolera mayina a nsomba ndi mbalame a m'Chitonga kuti ndiwayerekeze ndi a m'Chichewa. Nkhani ino ikufotokoza ntchito imene bango la m'mphepete mwa nyanja limagwira, momwe anthu akumeneko akulitetezera, komanso zomwe dzina limodzi la nsomba linandiphunzitsa za mphamvu ndi malire a chiyankhulo.

Malo Ake

Chintheche ili pa msewu wa M5, pafupifupi makilomita 40 kummwera kwa boma la Nkhata Bay. Ndi dera la Atonga, ndipo m'mbiri limadziwika chifukwa cha Bandawe, komwe Dr Robert Laws anasamutsira mishoni ya Livingstonia mu 1881 kuchoka ku Cape Maclear, asanakwere nayo ku Khondowe mu 1894. Alendo ambiri amapitako chifukwa cha mchenga woyera wa m'magombe. Koma pakati pa magombewo pali malo ena amene alendo sawajambula: mathiriro a mitsinje, madambo ndi timaiwe todzaza bango, mlulu ndi udzu wa m'madzi. Mtsinje waukulu ndi Luweya, womwe umachokera kumapiri a Viphya n'kuthira m'nyanja kumpoto kwa Chintheche. Kumtunda kwake kuli dambo la Limphasa lodziwika ndi ulimi wa mpunga.

Malo amenewa alibe mpanda kapena alonda olembedwa ntchito. Dziko lathu lili m'mgwirizano woteteza madambo womwe mayiko anasayinira mumzinda wa Ramsar ku Iran mu 1971. Nyanja ya Chilwa ndiyo inali yoyamba kulowa m'kaundula wa mgwirizanowu, ndipo dambo la Elephant Marsh ku Chigwa cha Shire linatsatira mu 2017. Nayo paki ya Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980, ili kutali kummwera kwa nyanja. Choncho bango la ku Chintheche likutetezedwa ndi eni mudzi okha, motsamira pa lamulo la za usodzi la 1997 lomwe linapereka mpata woti anthu a m'midzi azitenga nawo mbali posamalira nsomba. Bungwe la Ripple Africa, lomwe linayamba mu 2003 ndipo lili ndi malo ake ku Mwaya, lakhala likuthandizana ndi nthambi ya boma ya za usodzi pokhazikitsa makomiti otere m'bomali.

Ntchito ya Bango

Poyamba ndinkaona bango ngati tchire wamba. Bambo wina wachikulire wa m'komiti, yemwe tonse tinkangomutchula kuti "ada" monga mwa ulemu wa Chitonga, ndiye ananditsegula m'maso. Tsiku lachiwiri anandikweza m'bwato mbandakucha, natipalasira kumathiriro a kamtsinje kena. Atasiya nkhafi anandiuza kuti ndiyang'ane pansi. Pakati pa mapesi a bango panali tinsomba tosawerengeka, totalika ngati chikhadabo, toyenda pamodzi ngati mtambo.

"Mwanawe, chambo chomwe mumadya kutauni chimachokera pano," anatero.

Moyo wa chambo umayenda motere. Nthawi yoswana, yomwe imagwa m'miyezi yotentha ndi yamvula, chambo chachimuna chimakumba chisa chonga mbale pamchenga pansi pa nyanja. Chachikazi chimaikira mazira m'chisamo, kenaka chimawatola n'kuwasunga m'kamwa kwa masabata angapo mpaka ataswa. Tiana tikakhwima pang'ono, mayiyo amapita nato kumadzi osaya n'kutilavula. M'bango timapezamo zinthu ziwiri: pobisala kuti nsomba zikuluzikulu ndi mbalame zisatidye, komanso chakudya monga ndere ndi tizilombo ting'onoting'ono. Pamatenga pafupifupi zaka zitatu kuti kansombako kakule n'kuyamba kuswa. Apa tikuona kuti amene wadula bango kapena wakokolola tiana m'bangomo wawononga nsomba za zaka zitatu zikubwerazo.

Ntchito yachiwiri ya bango ndi kusefa madzi. Nkhata Bay ndi limodzi mwa maboma olandira mvula yambiri m'dziko muno, ndipo kumene mitengo yadulidwa kumtunda, mitsinje imatsika ndi dothi lofiira. Bango limachepetsa liwiro la madzi kotero kuti matope ambiri amatsalira m'dambo. Pakapanda bango, matopewo amalowa m'nyanja n'kukwirira miyala yomwe nsomba za mbuna zimadyapo ndere. Matope omwewo amakwiriranso timiyala ta m'mitsinje pomwe mpasa ndi sanjika zimaikira mazira zikakwera kuchokera kunyanja.

Komabe si bwino kunamizana kuti bango lili ndi ubwino wokhawokha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. M'bango mumabisala ng'ona, ndipo nkhono zofalitsa likodzo zimakonda madzi odekha a m'malo oterewa. Ena amalidula pofuna malo olima, ena pofuna gombe loyera lokopa alendo, pomwe ena amalifuna polukira mphasa ndi kumangira mipanda. Munthu amene mwana wake amasamba pamalopo tsiku ndi tsiku ali ndi chifukwa chomveka cholidera. N'chifukwa chake komiti yathu sinkaletsa kudula bango paliponse, koma inasankha malo oswanirana nsomba omwe mudzi wonse unagwirizana kuti asakhudzidwe.

Ntchito Yomwe Tinkagwira

Tinkadzuka nkhuku zikulira n'kuyendera gombe pamene mabwato akukocheza. Ine ndinkanyamula kope ndi kamtengo kodulidwa pa muyeso wa masentimita 15, popeza malamulo a za usodzi salola kupha chambo chochepera pamenepo. Ndinkalemba mtundu wa nsomba, mtundu wa ukonde ndi zomwe mamembala a komiti agwirizana. Inali nthawi yomwe usodzi wa makoka ndi wotsekedwa, kuyambira pa 1 Novembala, kuti chambo chiswane bwino.

Masana ndinkayenda m'mbali mwa dambo ndi ana a sukulu, iwo akundiuza mayina, ine ndikulemba. Tinkaona nkhwazi zitatera pamitengo italiitali, akakowa akusodza m'madzi ofika m'mawondo, ndi atchete akuluka zisa zolendewera pabango. Tinapeza chisa chachikulu cha nantchengwa pamphanda ya mkuyu, ndipo kawiri konse ng'azi inatidzidzimutsa pothawira m'madzi. Tsiku lina ndinaona utsi wakuda ukufuka pakati pa nyanja ndipo ndinafuula kuti bwato likupsa. Anawo anagwa nako kuseka. Unali mtambo wa nkhungu, tintchentche ta m'nyanja tomwe timatuluka m'madzi tambirimbiri nthawi imodzi, ndipo tikafika kumtunda amayi amatikola n'kupanga ndiwo zodyera kondowole. Safunsa anadya phula. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kufunsa ndisanatsegule pakamwa.

Tsiku Lomwe Sindidzaiwala

M'sabata yachitatu tinapeza mayi wina ndi ana ake awiri akukoka masikito m'malo otetezedwa aja. Maso a masikito ndi aang'ono kwambiri moti ngakhale kansomba koswedwa dzulo sikapulumuka. M'beseni mwawo munali tinsomba todzaza theka. Malinga ndi mgwirizano wa mudzi, neti inayenera kulandidwa ndipo nkhaniyo ipite kwa amfumu. Ine ndiye ndinayenera kulemba.

Mayiyo sanakane mlandu. Anangoyang'ana kope langa nati, "Lembani, ambuye. Koma mulembenso kuti amuna anga anamwalira chaka chatha, bwato ndilibe, ndipo ana awa sanadye dzulo."

Dzanja langa linalemera. Ada aja anakhala chete kwa kanthawi, kenaka anati, "Ama, njala tikuidziwa tonse. Koma tikakulekani inu lero, mawa abwera khumi, ndipo ana anu omwewa akadzakula adzapeza nyanja yopanda kanthu." Neti inalandidwa ndithu. Madzulo ake ndinaona mkuluyo akutuma mdzukulu wake kukasiya mbale ya usipa ndi ufa wa chinangwa kunyumba kwa mayi uja. Zimenezi sizinalowe m'kope langa, ndipo sizinathetse vuto la mayiyo, pakuti mbale imodzi sidyetsa banja mwezi wonse.

Dzina ndi Nsomba

Polemba lipoti la tsikulo ndinaima pa liwu limodzi. Tinsomba tija aliyense ankatitchula kuti kasawala. Kwathu ku Dedza ndinadyapo kasawala wouma kambirimbiri, koma sindinkadziwa kuti ndi mwana wa chambo. Ndinkayesa mtundu wina wa nsomba. Chimodzimodzinso bonya, yemwe ndi usipa wosakhwima. M'Chichewa tili ndi njira yochepetsera dzina pogwiritsa ntchito gulu la Ka-Ti: mbuzi, kambuzi, timbuzi. Tikanati kachambo kapena tichambo, liwu lakuti chambo likanamvekabe ndipo wogula akanadziwa chomwe wanyamula. M'liwu lakuti kasawala, ubale wa mayi ndi mwana wabisika.

Wina akhoza kunena kuti nayenso mwanapiye ali ndi dzina losiyana ndi nkhuku, thole losiyana ndi ng'ombe, koma palibe amene amasokonezeka. N'zoona. Kusiyana kwake n'kwakuti mwanapiye amakulira pabwalo tonse tikuona, pamene kasawala amakulira pansi pa madzi, kutali ndi maso a wogula wa ku Lilongwe kapena ku Mzuzu. Dzina ndilo lokha limene limafika naye pamsika.

M'kalasi tinaphunzira ganizo la Edward Sapir ndi Benjamin Lee Whorf lakuti chiyankhulo chimawongolera momwe anthu amaonera dziko. Ku Chintheche ndinaona pomwe ganizoli limagwira ndi pomwe limalekera. Kwa ine wakumtunda, dzina linandiphimbadi m'maso. Koma mayi uja ankadziwa bwino lomwe kuti kasawala ndi chambo cha mawa; chomwe chinamutuma m'bango ndi njala, osati galamala. Mu 2018 bungwe la IUCN linaika mitundu itatu ya chambo m'gulu la zamoyo zomwe zili pachiopsezo chachikulu chotheratu. Vuto lalikulu chotere silingathe posintha liwu lokha.

Mawu Omaliza

Nkhani ino yaonetsa kuti bango la m'mphepete mwa nyanja ndi chikuta cha chambo komanso sefa ya madzi, ndipo kuti ku Chintheche akulisunga ndi anthu wamba osalipidwa, omwe nthawi zina amayenera kulanda neti ya mnansi wawo wovutika. Ife ophunzira chiyankhulo tili ndi gawo lathu, ngakhale ndi laling'ono. Tingathe kutolera mayina a zachilengedwe m'Chitonga, m'Chichewa ndi m'ziyankhulo zina akuluakulu owadziwa adakali moyo, ndi kulemba mauthenga ofotokoza momveka kuti kasawala ndi mwana wa yani. Ndinabwerako ndi kope lodzaza mayina, ndipo ndikugwiritsa ntchito pa kafukufuku wanga wa chaka chomaliza. Tchuthi chathachi mayi anga anandituma ndiwo kumsika wa ku Dedza. Wogulitsa anandionetsa mulu wa kasawala wotsika mtengo, ndalama zomwe ndinali nazo zinali zochepa, ndipo ndinaima pamenepo nthawi yaitali ndisanagule nyemba.